Mabatire a Achimwene Ndinawadyetsa Mpaka Kutupa

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe amene anafa. Ndikutero chifukwa ku bairo, kudera kwathu ku Namacula, nkhani imeneyi yakula kuposa mmene inachitikira, moti ena akufalitsa zoti ndinawotcha munda wonse wa mbatatesi pamodzi ndi mbuzi ziwiri. Mbuzi inalipo imodzi, ndipo inathawa yokha bwinobwino. Zimene zinapsa ndi mulu wa mapesi, jekete langa la ku ofesi ndi phiko limodzi la ndege. Ndegeyo sinali yanga, ndipo vuto lonse lagona pamenepo.

Mwini wake ndi achimwene anga a Bonifasiyo, amene anandiphunzitsa sukulu bambo athu atamwalira. Iwo ndi munthu wa magetsi, mutu wawo wadzaza mawaya. Ine ndine wa chidindo. Ndadinda mapepala mu ofesi ina ya boma kuno ku Lichinga kuyambira tsitsi langa lili lakuda, ndipo pa zamagetsi chimene ndinkachidziwa bwino n'kuyatsa ndi kuzimitsa babu.

Achimwene anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri, ndipo kumeneko ndi kumene anatengera matenda a tindege. Amayi athu atamwalira, iwo anafika pamaliro ndi chibokosi chachitali chimene anthu anachiyang'ana cham'mbali (pamaliro munthu sufika ndi bokosi lachiwiri). M'katimo munali ndege ya jeti yotuwa, yamphuno yosongoka, yoti ukaiimika imakufika pachifuwa, koma yopepuka chifukwa inapangidwa ndi zoyera zija amatchingira firiji yatsopano. Kutsogolo kunakhala kamunthu ka pulasitiki kovala chisoti. Injini yake ndi chokupizira chobisika m'mimba, chimene chimakoka mphepo n'kuitulutsira kumbuyo. Amaiyendetsa ndi komando, kabokosi kogwira m'manja kokhala ndi timitengo tiwiri.

Maliro atatha anakhala nafe miyezi itatu, ndipo ndegeyo anaiulutsa kawiri, pa bwalo lina la mpira kunja kwa tauni, m'mbali mwa msewu wa ku Meponda. Ine ndinaima pambali pawo. Kunena zoona sindinkayang'ana ndege kwenikweni, ndinkayang'ana iwo, chifukwa tsiku loyambalo anaseka koyamba chiwaikireni amayi m'manda. Kenako ntchito inapezeka ku Portugal, anatengana ndi alamu ndi ana, ndipo ndege anaisiya kwa ine.

Asananyamuke anandikhazika pakhonde n'kutulutsa mabatire awiri, lina lalikulu ngati njerwa yodula pakati, kena kakang'ono ngati bokosi la machesi. Anati lalikululo ndi la mphamvu, ntchito yake n'kuzunguza chokupizira basi. Kakang'onoko ndiko makutu ndi manja a ndege: kamapatsa moto kachipangizo komva zimene komando ikunena, komanso timainjini tating'ono tokoka mapiko, chiwongolero ndi matayala. Anati lalikulu likatha uli m'mwamba, ndege umaitsitsa pang'onopang'ono ukuiwongolera. Koma kakang'ono kakafa, iwe wangosanduka woonerera ngati wina aliyense.

Kenako anandipatsa malamulo, akuwerenga ndi zala. Mabatirewo ndisawasunge odzaza, ndisawasungenso opanda kanthu, azikhala theka basi. Anandionetsa podina pa tchaja kuti chizidziimira chokha chikafika pa thekapo. Ndiziwayang'ana kamodzi pa mwezi. Ndiziwasunga m'chitini cha mabisiketi, pamalo pozizira, ndipo anati pa nkhani ya kuzizira Lichinga wathu ndi dalitso.

"Ndipo ndegeyo usaigwire," anatero. "Ndidzabwera ndekha kudzaiulutsa."

Pa zonse zimene ananena tsiku limenelo, mawu amene anandilowa mpaka m'mafupa ndi omalizawo. Taganizani nokha. Bambo kulibe, amayi kulibe, banja lawo lonse lili nawo kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Ku Lichinga kunatsala zinthu zawo ziwiri zokha, ndege ndi ine, ndipo pa ziwirizi ine ndinkakhulupirira kuti chimene chingamukweze munthu ulendo wautali chonchija ndi ndege. Ndinkaona ngati ndikaisunga bwino, achimwene adzabwera. Ikaonongeka, ndiye kuti basi.

Miyezi yoyamba ndinatsatira malamulo ngati mwana wa katekisimu. Nawo ankaimba foni Lamlungu lililonse. Kenako zinayamba kukhala kamodzi pa mwezi. Kenako mauthenga okha. Ine ndinkalemba zambiri, za mvula, za amene amwalira, za mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba, iwo n'kuyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Sindikuwadandaula ayi, munthu akuweruka wotopa m'dziko la eni. Koma ndinkawasowa, abale. Ndinkawasowa moti nthawi zina ndikaona munthu wamtali akutsika shapa, minibasi ya kuno, atanyamula chikwama, ndinkachepetsa kuyenda kuti ndimuone nkhope.

Ndiye tsiku lina ndikuyang'ana tchaja chija chikuima pa theka, ndinagwidwa manyazi. Kwathu mlendo sitimuthirira tiyi theka la kapu. Amayi athu akanakhala moyo n'kumva kuti zinthu za mwana wawo wachisamba ndikuzipatsa theka, akanandifunsa kuti kuumira kumeneku ndakutengera kwa yani. Ndinaganizanso kuti bwanji achimwene atangotulukira mawa osanena, n'kupeza mabatire ali theka? Ayambe kudikira ola lathunthu munthu wochoka kutali? Ndinadina pena paja, podzadza. Nambala zinakwera mpaka kumapeto, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Kuyambira pamenepo kamodzi pa mwezi kanasanduka Loweruka lililonse. Ndinkatulutsa chitini, kupukuta mabatire ndi kansalu, kuwadzadza ngakhale anali odzaza kale, ine nditakhala pambali ndi tiyi wanga. (Inde, nthawi zina ndinkawalankhula. Sindinena zimene ndinkawauza.)

Itafika Juni ndinachita cholakwa chachiwiri. Amene anakhalako kuno akudziwa kuzizira kwa Juni wathu, kuja chifunga chimakuta tauni yonse ndipo madzi a m'ndowa amaluma zala. M'mawa wina ndinagwira chitini chija m'chipinda chosungira katundu, ndinamva chili zii ngati mwala wa kumtsinje. Chisoni chinandigwira. Ndinati achimwene ananena malo ozizira, inde, koma anali ataiwala kuzizira kwa kwawo. Ndinakulunga mabatirewo m'juzi yakale n'kuwaika pa shelefu ya kukhitchini, pamwamba pa malo amene mbaula imakhala.

Patapita nthawi anayamba kusintha. Mbali zimene zinali zosalala zinayamba kutukuka, ukadina ndi chala n'kumamva kufewa. Ine ndinakondwa. Ndinapita nawo kwa akazi anga, mayi a Lusiya, kukawaonetsa kuti onani, anenepa. Iwo anawayang'ana, kuwanunkhiza, n'kunena kuti chinthu chonenepa chosadya chimakhala chikudwala, ndipo ndiwachotsemo m'khitchini mwawo lero lomwe. Ndinawayankha monyada kuti za magetsi zimafuna munthu woziona ndi nambala, ndipo nambala pa tchaja zikunena kuti ali odzaza. Ndinangowasuntha pang'ono, kuseri kwa chitini cha shuga.

Zinapita choncho zaka. Chaka chachisanu, mu Julayi, achimwene ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo nzeru inandibwerera. Ndinati ndiwatumizire kanema wa ndege yawo ikuyenda pa bwalo lija. Osati kuuluka ayi, kungoyenda pansi, imveke kulira kwake, aone mapiri a kwawo kumbuyo. Ndinkaona m'maganizo mwanga akuonera kanemayo, mtima ukuwawawa, n'kupita kukagula tikiti. Za lamulo loti ndisaigwire ndinadziuza kuti iwo ankanena zoiulutsa. (Munthu wa mu ofesi akafuna chinthu, lamulo amalipezera polowera.)

Loweruka m'mamawa tinakwera njinga zamoto ziwiri za takisi. Ine kutsogolo nditakumbatira thupi la ndege, mayi a Lusiya kumbuyo atanyamula mapiko okulungidwa m'chitenje, nkhope ili gwaa ngati akupita kukhoti. Anavomera kubwera kudzajambula pongofuna kuti pakachitika kanthu pakhale mboni.

Pa bwalo panalibe munthu. Chifunga chinali chisanachoke, mphepo ikuwomba yozizira kuchokera kumadzulo. Ndinamanga mapiko monga ndinaonera achimwene akuchitira. Poika mabatire, sanakwane m'malo mwake. Ndinawakankha, chitseko cha pamwamba chinakana kutseka, ndiye ndinachimanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Munthu wanzeru akanabwerera pomwepo, koma ine ndinangoti ndi kunenepa kuja.

Nditayatsa, ndege inalira tinyimbo take, timapiko ta kumchira n'kugwedezeka. Misozi inalengeza, chifukwa kulira kumeneko ndinakumva komaliza achimwene ali pambali panga. Podikira kuti chifunga chichoke ndinayamba kuseweretsa timitengo ta komando, kumanja, kumanzere, m'mwamba, pansi, mapiko akuvina. Ndinayesanso mawu anga a parabenzi, owafunira zabwino pa tsiku lawo lobadwa, katatu konse, chifukwa koyamba mayi a Lusiya anajambula mapazi awo, kachiwiri ndinatsokomola. Nthawi yonseyi, pafupifupi ola, kabatire kakang'ono kaja kanali kakugwira ntchito pamphepo. Ndinaona kuti mapiko ayamba kugwedezeka mwaulesi, koma ndinati ndi kuzizira, poti nanenso zala zinali zitauma.

Ulendo woyamba ndinakankha kamtengo ka moto pang'ono. Ndege inayenda mwapang'onopang'ono ikudzandira pa udzu. Mayi a Lusiya anatsitsa foni n'kunena kuti ikuyenda ngati bakha, ndipo palibe munthu angagule tikiti ya ku Lichinga chifukwa cha bakha. Mawu amenewo anandibaya. Ulendo wachiwiri ndinawonjezera moto, inathamanga ndithu, fumbi kumbuyo. Ulendo wachitatu ndinailozetsa kumene mphepo inkachokera, ndipo ndinakankha kamtengo kaja mpaka kumapeto.

Inalira mwaukali, inathamanga, inagunda kachulu kakang'ono pakati pa bwalo, n'kudumpha. Podzidzimuka chala changa chinakokera kamtengo kena kumbuyo. Ndege ya achimwene inanyamuka.

Sindinama, kwa kanthawi kochepa ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo. Inakwera mokongola, dzuwa likuwala pa mapiko, ine kukamwa kuli yasa. Kenako nzeru zinabwerera, ndinati nditsitse. Ndinakankha kamtengo, palibe. Kumanzere, palibe. Kumanja, palibe. Phokoso lija linangoti zii. Ndege inapitirira mwakachetechete, kudutsa pamwamba pa golo, ikupendekeka pang'onopang'ono, kulowera ku minda. Ine ndinaithamangira komando ili m'mwamba ngati kuti ndikaiyandikira indimvera chisoni.

Inakagwera pa mulu wa mapesi ouma m'mphepete mwa munda wa mbatatesi. M'mundamo munali mayi wina wachikulire akukumba, ndipo pafupi ndi mapesiwo panali mbuzi ija, imene inadula chingwe n'kuthawa osacheuka. Ndisanafike ndinamva kuti fyuuu, utsi woyera unatuluka, kenako moto. Batire lalikulu lija linali litabooka. Ndinavula jekete n'kuyamba kumenya motowo, jekete nalo linayaka. Amene anauzimitsa ndi mayiwo, pouthira dothi ndi khasu, osathamanga n'komwe.

Atatha anatembenukira kwa ine n'kundilankhula m'Chiyao chothamanga. Chiyao changa n'cha kumsika, chogulira tomato, koma ndinamva ndithu kuti akufunsa ngati munthu wa imvi ngati ine ndilibe chochita kunyumba. Mapesiwo anawasonkhanitsa kuti amangire mpanda. Ndinapepesa ndi manja awiri. Iwo anangondipatsa thumba n'kuloza mizere imene anakumba. Ndinatola mbatatesi mpaka dzuwa kupendeka, kenako ndinakawatutira mapesi ena, nditavala malaya oyera ndi nsapato za ku ofesi. Mayi a Lusiya, amene Chiyao amachitha, anakhala pansi ndi mwini munda n'kumaotcha mbatatesi pa makala a moto wanga womwewo, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Kunyumba ndinayala zotsala pa mphasa. Phiko limodzi linapsa theka, mphuno inaphwanyika, batire lalikulu linasanduka khala. Kamunthu ka pulasitiki kanali bwinobwino, kakundiyang'ana. Chimene chinandizunguza mutu ndi kabatire kakang'ono kaja. Nditakalumikiza ku tchaja, nambala zinaonetsa kuti kakadali ndi moto wambiri ndithu. Ndiye kanandisiyiranji m'mwamba?

Sabata yonse sindinadye bwino. Ku ofesi ndinadinda pepala lina mozondoka. Anthu ankaganiza kuti ndi manyazi, poti nkhani inali itafika kale ku bairo ife tisanafike, koma si manyazi amene ankandidya. Ndinkaona kuti chinthu chokhacho chimene chikanawabweretsa achimwene ndachiwotcha ndi manja anga.

Tsiku lawo lobadwa litakwana, mayi a Lusiya anandipatsa foni kuti ndione zimene anajambula. Ndege inaonekamo pang'ono chabe, kwina konse kunali mitambo, chala chawo ndi udzu. Koma mawu anamveka bwino. Ndinamva munthu wamkulu akuthamanga, akupuma mwabefu, akukuwa kuti, "Achimwene! Achimwene!" Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndinakuwa choncho. Ndi mmene ndinkakuwira ndili mwana galu wa eni akandithamangitsa pobwera kusukulu.

"Atumizireni, bambo a Lusiya," anatero. "Mukabisa mudwala."

Ndinatumiza osalembapo kanthu. Tiyi wanga asanazizire foni inalira, ndipo inali yoonana nkhope. Ndinawaona koyamba patatha zaka ziwiri, tsitsi lonse mbuu, atavala magalasi amene sindinkawadziwa. Ankaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anandifunsa kuti mabatire ndinkawasunga bwanji, ndipo ndinaulula zonse, za kudzadza Loweruka lililonse, za juzi, za mbaula, za mphira. Anagwira mutu ndi manja onse awiri.

Kenako anayamba kundiphunzitsa. Anati batire la mtundu umenewu ukalisunga lodzaza, ndiye pamalo otentha, limadyeka m'kati, ndipo kutupa kuja ndi mpweya wa kuonongekako. Likamangokhala limaonetsa nambala zabwino, koma ukalipatsa katundu limagwada nthawi yomweyo, makamaka pozizira. Pamene timainjini tonse tinakoka pamodzi ndege ikunyamuka, kabatire kanagwada, kachipangizo komva kanazima, ndipo injini itaona kuti palibe akuilankhula inadzizimitsa yokha. Anafuna kuona zidutswa chimodzichimodzi. Anati thupi likadali lolimba, phiko tikhoza kulipanga. Anatinso mabatire atsopano ndi ovuta kutumiza pa positi, amafuna munthu wowanyamula m'chikwama cha m'manja, ndipo mawu amenewo ine ndinawasunga. Tinalankhula pafupifupi maola awiri. Chichokereni iwo tinali tisanachezepo choncho.

Tsopano Lamlungu lililonse tikachoka ku tchalitchi ndimatsamiritsa foni pa tebulo, zidutswa ndi guluu zili patsogolo panga, iwo n'kumandiuza chochita. Pakati pa ntchitoyo amafunsa za anzawo akale, amene alipo ndi amene anapita, ndiponso ngati msewu wa kwathu anaukonza.

Phunziro ndinalitenga, musadandaule. Theka ndi theka, malo ozizira, ndipo batire lotupa ndi lotaya, nambala zake usazikhulupirire. Kuwotcherera mawaya ndinaphunzira kalekale, ndipo phiko limeneli ndikanafuna ndikanalimaliza mwezi woyamba. Koma izi ndikuuza inu, iwo sakudziwa. Likafika Lamlungu ndimasanduka mbuli. Ndimafunsa chinthu chimodzi katatu, ndipo kawiri konse ndamatulapo dala chidutswa chimene chinali chitagwira bwino. Mayi a Lusiya akamadutsa amangopukusa mutu.

Lamlungu lapitali achimwene anatopa nane. Anati mutu wanga ndi wouma, ntchito imeneyi iwo atakhala pamenepo ndi ya masiku awiri basi.

"Ndiye bwerani mudzaichite, achimwene," ndinatero.

Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso.

"Tandionetsa waya wofiira," anatero.

Ndinawaonetsa wakuda.